Kamtsinje ka Kanungu m'buku la Wangari Maathai

Mabuku ambiri onena za kusowa kwa madzi amayamba ndi ziwerengero za dziko lonse, ndipo wowerenga amafika kumapeto asanaone chitsime ngakhale chimodzi. Buku la Unbowed, limene Mayi Wangari Maathai a ku Kenya analemba za moyo wawo ndipo linatuluka mu 2006, limayamba ndi kamtsinje kamodzi kotchedwa Kanungu, kwawo ku Ihithe m'dera la Nyeri. Mphamvu ya bukuli ili pa kamtsinjeka, ndipo pamene lakasiya limafooka.

Mayi Maathai anabadwa mu 1940. Akufotokoza kuti ali mtsikana ankatumidwa kukatunga madzi ku Kanungu, komwe ankayesa kutola mazira a achule powayesa mikanda. Chapafupi panali mkuyu waukulu umene amayi awo anawaletsa kutolapo nkhuni chifukwa Agikuyu ankauona kuti ndi mtengo wa Mulungu. Atakula anapeza mkuyuwo utadulidwa kuti pamalopo palimidwe tiyi, ndipo kamtsinjeko katauma. Wolembayo sakulalikira pamenepa. Wowerenga waona kale madzi akuyenda, choncho kuuma kwake kumamupweteka ngati kuti nayenso ankamwa pomwepo.

Chachiwiri chimene bukuli lachita bwino n'kuika pamodzi nzeru za m'kalasi ndi nzeru za pachitsime. Mu 1971 Mayi Maathai anakhala mkazi woyamba kummawa ndi pakati pa Africa kulandira digiri ya PhD, ku yunivesite ya Nairobi. Pofufuza za matenda a ng'ombe ofala ndi nkhupakupa, ankayenda m'midzi n'kumaona mitsinje itafiira ndi dothi lokokoloka, ng'ombe zitaonda. Nthawi yomweyo amayi a kumudzi ankadandaula ku bungwe la National Council of Women of Kenya kuti nkhuni ndi madzi abwino zatalikira. Bukuli likuonetsa kuti amayiwo anali ataona kale zimene wasayansi anadzatsimikiza pambuyo pake. Mutu wa mayi wosenza ndowa umadziwa msanga kuti kasupe wapafupi waphwa. Bungwe la Green Belt Movement linabadwa mu 1977 kuchokera m'madandaulo amenewa, ndipo akuluakulu a zankhalango atakayikira ngati amayi osaphunzira angasamale mbande, amayiwo anagwiritsa ntchito luso lawo lofesera mbewu zakumunda.

Komabe pali mfundo ziwiri zofunika kuziunika. Yoyamba ndi ya mkuyu uja. Mayi Maathai akuti mizu yake inkaboola miyala n'kutsegulira njira madzi apansi panthaka kuti atumphuke. Nkhaniyi ndi yokoma, koma wowerenga wothamanga angatengepo zoti mtengo uliwonse umabweretsa madzi. Mitengo imamwanso madzi, ndipo bulugama wobzalidwa mothithikana m'mbali mwa mtsinje amatha kuuchepetsa. Bukuli likudzudzula ndithu atsamunda chifukwa chodula nkhalango zachilengedwe n'kubzala paini ndi bulugama, koma silikufotokoza mokwanira mmene nkhalango imathandizira mvula kulowa m'nthaka, kapenanso gawo la chilala ndi ulimi wa m'mphepete mwa mitsinje pa kuuma kwa akasupe. Kwa wolemba wodziwa sayansi chotere, tsamba limodzi likanakwanira, ndipo likanathandiza mabungwe amene masiku ano amanyadira kuchuluka kwa mbande osafunsa kuti ndi mtengo wanji ndipo ukubzalidwa pati.

Yachiwiri ndi ya mawu a amayi obzala mitengo. Bukuli likamapita kutsogolo, nkhani imasamukira ku Nairobi: kulimbana ndi boma la Daniel arap Moi pa paki ya Uhuru mu 1989, kumenyedwa ku nkhalango ya Karura mu 1999, mpaka mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2004. Zimenezi n'zofunika, chifukwa zikuonetsa kuti amene akugawa nkhalango ndi amenenso akuumitsa mitsinje. Koma amayi a kumudzi aja amasanduka khamu. Timamva kuti anabzala mitengo mamiliyoni, koma sitikhala pansi ndi mmodzi wa iwo nthawi yokwanira kuti atiuze mtunda umene ankayenda kukatunga madzi, kapena ngati unafupika mitengo itakula. Mwina buku la moyo wa munthu mmodzi silingasenze zonsezi, komabe mpatawo ukuoneka.

Mayi Maathai anamwalira mu 2011, ndipo ntchito imene bukuli lasiyira olemba a m'zilankhulo zathu ndi yoonekeratu. Wolemba za madzi atchule dzina la mtsinje, anene chaka chimene unasiya kuyenda m'chilimwe, afotokoze chimene chinadulidwa kapena kulimidwa kumtunda kwake, ndipo apereke malo okwanira kwa mayi amene amatungako, alankhule m'chinenero chake.