Dzanja la Pollock Silinkangomwaza Penti

Ambiri akaona Autumn Rhythm, chithunzi chomwe Jackson Pollock anajambula mu 1950, amati ngakhale mwana angathe kumwaza penti chonchi. Mulibe nkhope, mulibe mtengo. Muli mizere yakuda, yoyera ndi yofiirira yopiringizana pansalu yotalika mamita oposa 5. Mawu amenewa amandiwawa, chifukwa owanenawo sanaime n'kuyang'anitsitsa.

Kuyambira mu 1947, ku Springs pa chilumba cha Long Island, Pollock ankayala nsalu pansi m'malo moiimika. Ankaviika ndodo kapena burashi youma m'chitini cha penti wopakira nyumba, n'kumayenda mozungulira mbali zonse zinayi. Sankayamba wakonza chithunzicho papepala. Mzere woyamba ndiwo unkaitana wachiwiri, ndipo iye ankayankha pomwepo penti asanaume.

Komatu kuyankha kotereku sikutulukira kumwamba. Mu 1930 anayamba kuphunzira kwa Thomas Hart Benton ku New York, mphunzitsi yemwe ankalimbikira zoti zinthu za m'chithunzi zizioneka ngati zikuyenda. Mu 1936 analowa m'gulu la David Alfaro Siqueiros wa ku Mexico, komwe ankayesa kuthira ndi kudontheza penti wa m'mafakitale. Pofika ku Springs, zonsezi zinali zitakhazikika m'mkono. Mayi wopeta salingalira kuti lichero alipendeke motani, koma mankhusu amapita kwina, chimanga n'kutsala. N'chimodzimodzi apa. Pollock akathamangitsa mkono, mzere unkatuluka wowonda ngati ulusi. Akachedwetsa, penti ankadikha n'kunenepa. Filimu ya Hans Namuth, yomwe inajambulidwa mu 1950, imaonetsa munthu wosamala pamene akuponda ndi pamene akuthira. Pollock mwiniwake ankakana zoti ntchito yake ndi yamwayi.

Chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi kuima kwake. Ankasiya kuthira n'kukhala akuyang'ana, kufuna kudziwa chimene wapanga, popeza panalibe munthu kapena phiri loti ayerekeze nalo kuti aone ngati walondola. Kuthira kamodzi kowonjezera kukanatha kusandutsa zonse matope, ndipo zithunzi zake zina zinathinadi mpaka diso kusowa polowera. Mkazi wake, Lee Krasner, yemwenso anali katswiri wojambula, anafotokozapo kuti tsiku lina Pollock anamuonetsa ntchito yatsopano n'kumufunsa, osati ngati ndi yokongola, koma ngati ndi chithunzi n'komwe.

Mu 1951 anachepetsa mitundu n'kutsamira pa penti wakuda, ndipo mitu ndi matupi a anthu zinayambanso kuonekera m'mizere yake.