Kodi pa Hora Panachitika "Showdown"?

Pa msonkhano wathu wa alembi sabata yatha, mnzathu wina anatiwerengera nkhani yake ya nkhondo ya pa phiri la Hora. Nkhaniyo njokoma, ndipo ine monga mwana wa ku Mzimba ndinatchera khutu kwambiri. Koma liwu limodzi linandikhala pakhosi. Nkhondoyo anaitcha "showdown", katatu konse.

Liwuli linachokera ku juga ya makadi ya ku America yotchedwa poker. Kubetcha kukatha, otsala amayala makadi awo poyera, wopambana nkudziwika pompo. Ambirife tinalitola m'mafilimu a akauboyi: amuna awiri aimirirana pamsewu, aliyense dzanja lili pa mfuti. Tsono liwuli limafuna anthu olinganako mphamvu, okumana maso ndi maso, mlandu nkuthera pomwepo. Ife tinkaziona kubusa, tikayambanitsa nkhunzi ziwiri kuti tithetse makani. Yothawa yagonja, basi.

Nanga pa Hora zinali choncho? Cha m'ma 1880 Atumbuka otsogozedwa ndi Baza Dokowe anagalukira Angoni a M'mbelwa, nakwera phirilo. Angoni analizinga nangodikira. Monga amasimbira akuluakulu, chimene chinatsitsa anthu ndi ludzu. Ambiri anaphedwa, Baza mwini napulumuka. Makadi anayalidwa pati pamenepa? Munthu wouma kukhosi, amene akutsika kufuna madzi, angalingane bwanji ndi wa mkondo ndi chishango amene akumudikira m'munsi?

Wina adzati ndikulimbana ndi kaliwu kachabe. Iai. Liwuli ndilo lamusokeretsa mlembi. Poti anali ataganiza kale za "showdown", wataya masamba awiri pa Baza ndi nduna ya Angoni akutuzulirana maso ngati m'kanema, pamene masiku a ludzu wawadumpha ndi ziganizo ziwiri. Komatu nkhani yeniyeni ili pomwepo: usiku pamwamba pa thanthwe, ana akulira, akulu akukangana ngati atsike kapena apirire tsiku lina.

Tisaiwalenso kuti nkhaniyi ili ndi eni ake. Chaka ndi chaka Angoni amavina ingoma patsinde pa phiri lomwelo pa mwambo wa Umthetho, ndipo zidzukulu za ozinga ndi za ozingidwa timakhala benchi imodzi m'kalasi. Mnzanga, ukamalembanso nkhaniyi, Chingerezicho uchisunge ngati ufuna, koma liwu ilo ulichotse, utikweze phiri tikamve nawo ludzu.