Za Alembi a Nkhani za Malonda a Tiyi wa ku Thyolo

Iye amene awerenga manyuzipepala ndi zolembedwa za pa intaneti adzaona kuti alembi a nkhani za malonda a tiyi achuluka. Nkoyenera kuti ife, amene tiphunzitsa ana a anthu othyola tiyiyo, tiwayese alembi amenewa. Ndipo powayesa tipeza kuti ali a mitundu inayi.

Woyamba ndiye mlembi wa mitengo. Iye adikira mawu ochokera ku msika wa okushoni ku Limbe, nalemba kuti kilogalamu yakwera kapena yatsika ndi masenti angapo a ku America. Manambala ake ngoona, koma chizolowezi chake nchakuti safunsa chifukwa. Satiuza kuti tiyi wa ku Kenya akachuluka pa msika wa ku Mombasa wathunso atsika mtengo, kapena kuti tiyi wathu wambiri athyoledwa m'miyezi ya mvula yokha, nafika pa msika nthawi imodzi.

Wachiwiri ndiye wotamanda. Ameneyu akonda mapiri obiriwira ndi nyumba zakale za Azungu, natchula mosamala chaka chimene munda unatsegulidwa, monga 1923 ku Satemwa. Mawu ake ngotsekemera ngati tiyi wochuluka shuga. Koma mbiri yake iyamba pa tsiku limene mbande inadzalidwa. Za thangata, limene linathetsedwa ndi lamulo mu 1962, ndi za chipolowe cha ku Thyolo cha mu 1953, iye ali chete.

Wachitatu ndiye wodzudzula. Ntchito yake si yachabe, pakuti lipoti limene Oxfam ndi Ethical Tea Partnership anatulutsa mu 2013 lonena za malipiro linathandiza kubala pangano la Malawi Tea 2020 m'chaka cha 2015. Komabe ambiri omtsanza afika ngati mvula ya mkuntho, nagwa tsiku limodzi, napita. Ndipo kwa iwo mayi wosenza dengu ndi nambala chabe, wopanda pakamwa.

Wachinayi ndiye wofufuza mbiri, ndipo ameneyu aposa anzake. Robin Palmer, polemba mu Journal of African History mu 1986 za antchito a m'minda ya tiyi kuyambira 1930 kufikira 1953, anaonetsa kuti iwo sanali anthu ongopirira ayi: ankajomba, ankathawa ntchito, ndipo eni minda ankasowa antchito nthawi yeniyeni yothyola. Tsoka lake nlakuti omwerenga ngochepa.

Tsono chilema chimodzi chili pa onsewa. Alemba m'Chingelezi, ndipo ochuluka ayamba kuwerengera pa msika, pamene nambala yoyamba ya malonda onsewa ibadwira pa sikelo ya m'munda, pomwe kalaliki alemba kulemera kwa dengu. Makilogalamu anayi kapena asanu a masamba aawisi ndiwo atulutsa kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Ndani anafotokozapo zimenezi m'chinenero cha wothyolayo, kuti ayerekeze yekha malipiro ake ndi mtengo wa ku Limbe?

Mlembi wachisanu, wodziwa masamu ndi Chichewa pamodzi, afunika kwambiri. Mphunzitsi wa ku Bvumbwe kapena ku Luchenza akapatsa ana samu yotereyi pa bolodi, adzakhala atayamba kumlera.