Kamuvi Katagwa pa Shimabala

Aliyense woyenda pa msewu wa T2 kuchokera ku Lusaka kupita ku Kafue amapadziwa pa Shimabala. Ukadutsa Chilanga ndi malole ake a simenti, galimoto imamasuka kwa kanthawi, kenako patsogolo pamaonekera denga la geti lolipirira msewu limene linatsegulidwa mu 2017, ndipo wa lole ndi wa minibasi yemwe amaponda buleki n'kulowa pamzere. Pamzere umenewu ndi pamene Subaru Impreza WRX ina yabuluu inangoti zii masana ena a mu Okutobala. Mwini wake, mnyamata wa ku Lusaka wopita ku Siavonga, anaona kamuvi ka geji ya oyilo katagwera pa ziro, ndipo anazimitsa injini pompo. Ine ndinali mmodzi wa anthu amene anamuthandiza kukankhira galimotoyo kunja kwa msewu. Amakaniko amene anawaimbira foni ku Kafue atafika ndi bokosi lachitsulo ndi kamnyamata kawo kophunzira ntchito, ndinalephera kuchokapo.

Boneti sanayambe n'kuitsegula. Anaima pakhomo la dalaivala n'kufunsa.

"Abwana, kamuvi katagwa, kanyali kofiira ka oyilo kanayaka?"

"Ayi a mdala, sikanayake."

"Nanga injini inagogoda?"

"Inkalira bwinobwino."

Anapempha kiyi, n'kuipotoza pang'ono chabe kuti magetsi a padashibodi ayake injini isanalire. Kanyali kooneka ngati ketulo kanati psuu. Anagwedeza mutu. Babu lake ndi lamoyo, ndiye kukhala chete kwake pamzere paja kunali ndi tanthauzo. M'galimotoyi muli mboni ziwiri za nkhani imodzi. Kanyali kofiira n'kochokera kufakitale ku Japan. Geji yozungulira ija, yomangidwa pambali pa chiwongolero, inachita kuwonjezeredwa pambuyo pake, monga amachitira eni ambiri a magalimoto a liwiro. Mboni ziwirizi zinali zitasemphana, ndipo ntchito yonse ya masanawo inali yofuna kudziwa yonama ndi iti.

Funso limeneli n'lolemera chifukwa cha mmene oyilo amagwirira ntchito. Pansi pa injini pali sampu, beseni losungira oyilo. Kutsogolo kwa injini kuli pampu imene imazunguzidwa ndi kirankishafuti, chitsulo chachikulu chimene mapisitoni amachipalasa ngati mapedulo a njinga. Pampuyo imayamwa oyilo kudzera mu kapaipi kokhala ndi sefa kunsonga, n'kumukankhira mu fyuluta, kenako m'timisewu tobooledwa m'kati mwa injini. Kumapeto kwa timisewuti kuli mabering'i, pamene chitsulo chimazungulira m'kati mwa chitsulo chinzake. Mpata wa pamenepo ndi wochepa kuposa tsitsi limodzi. Oyilo akamapanikizika kuti adutse mumpata wotero, m'pamene pamabadwa mphamvu imene geji imawerenga, ngati madzi a mupaipi yothirira dimba ukatseka kukamwa kwake ndi chala. Kirankishafuti imayandama pa oyilo ameneyo osakhudza chitsulo. Mphamvuyo ikatha, zitsulo zimakumana, ndipo injini ya turbo ikhoza kuthera pomwepo m'mphindi zochepa.

Malo amene vutoli linaonekera sanathandize kumasula mlandu. Galimoto imene yathamanga kuchokera ku Lusaka m'dzuwa la Okutobala imafika pa Shimabala oyilo atatentha n'kupyapyala, ndipo ikaima pamzere pampu imazungulira pang'onopang'ono. Injini yotha mabering'i imaulula matenda ake pa nthawi yotereyi. Komanso pofika pageti matayala amadumpha pa timabampu tochepetsa liwiro, ndipo waya wolendewera amalekana ndi mnzake pa kugwedezeka kotereku. Zonse ziwiri zinali zotheka. Chimodzi n'cha ndalama zogulira injini ina, chinacho n'cha ndalama ya chakudya chamasana.

Anayamba ndi chosalira sipanala. Oyilo anali atatsika kale kubwerera mu sampu, ndiye anasolola kandodo koyezera, n'kukapukuta ndi sanza, n'kukabwezera mpaka pansi, n'kukasololanso. Oyilo anali pakati pa zizindikiro ziwiri, chakumtunda. Ambiri akanalekera pomwepo. Iwo anadontheza dontho pachala, n'kulitikita ndi chala chamanthu pang'onopang'ono, maso ali kumwamba, kumvetsera ngati muli timchenga. Analinunkhiza kuti amve ngati petulo walowamo n'kumusungunula. Kenako anatembenuzira chala kudzuwa, kufunafuna nyezinyezi wa tizidutswa ta mkuwa timene mabering'i amataya akayamba kudyeka. Dontho limodzi analifunsa mafunso atatu. Kamnyamata kaja kanagona chagada pa katoni n'kukwawira pansi, ndipo kanatuluka n'kunena kuti sampu sinaphwanyike ndipo palibe podontha.

Apa anatsegula bokosi lawo n'kutulutsa chinthu chokulungidwa mu nsalu: geji yakale ya galasi lokandika, yokhala ndi paipi ya labala ndi mutu wa mkuwa. Imeneyi ilibe waya ndipo sifuna batire. Oyilo weniweni amalowa mupaipi n'kukafika mu kachubu kachitsulo kopindika ngati chikwakwa, kamene kamayesa kuwongoka kakapanikizidwa, n'kukoka kamuvi. Pakati pa injini ndi diso la munthu palibe wina wonyamula uthenga.

Injini ya Subaru imeneyi, ya mtundu wa EJ20, ndi yogona: mapisitoni awiri amaloza kumanja, awiri kumanzere. Swichi ya kanyali kofiira ili pamwamba pake chakutsogolo, yobisika pansi pa altaneta, makina opangira magetsi. Anachotsa waya wa batire, n'kumasula lamba, n'kunyamula altaneta kuiika pambali. Asanakhudze swichi anapukuta fumbi lonse lozungulira, chifukwa kabowo kamene ankafuna kutsegula kamalowa m'msewu waukulu wa oyilo, ndipo kamchenga kamodzi kogweramo kamathera pa bering'i. Atamasula swichi anaigwira m'dzanja n'kutionetsa. M'kati mwake muli kachikopa ndi kasipuling'i basi. Oyilo akakankha kachikopako magetsi amaduka, nyali n'kuzima. Koma imayatsa nyali pokhapokha mphamvu itatsika kufika cha pa 0.15 bar, pamene zinthu zaipa kale. N'chifukwa chake kusayaka kwake sanakutenge ngati chigamulo.

Mutu wa mkuwa uja anaulowetsa ndi zala zokha, n'kumalizira ndi sipanala pang'ono. Atabwezera altaneta ndi waya wa batire, anauza mwini galimoto kuti alize injini, dzanja lisachoke pa kiyi.

"Ndikakweza mkono, muzimitse. Musadikire mawu."

Injini inalira ndi mdidi wake wa Subaru uja. Kamuvi ka geji yakale kanadumpha nthawi yomweyo n'kukwera pamwamba. Ka padashibodi kanali gone pa ziro.

Mnyamatayo anapumira m'mwamba, koma amakaniko sanasunthe. Oyilo wozizirirapo ndi wokhuthala, ndipo ngakhale injini yotha imaonetsa mphamvu yabwino isanatenthe. Anadikira mpaka fani inayaka, n'kuzima, n'kuyakanso. Buku la Subaru limati oyilo akafika madigiri 80, mphamvu isatsike pansi pa 98 kPa, pafupifupi 1 bar, injini ikungolira yokha osaipondera, ndipo isachepere 294 kPa, pafupifupi 3 bar, pa maulendo 5,000 pa mphindi. Kamuvi kanatsika pang'onopang'ono pamene oyilo ankatentha, n'kukhazikika pamwamba pa malire oyambawo. Atauza mwini galimoto kuti aponde moto pang'onopang'ono, kanakwera limodzi ndi kulira kwa injini mpaka kupitirira malire achiwiri. Chimene iwo ankayang'anitsitsa kwenikweni ndi kayendedwe kake. Injini zimenezi zimadziwika ndi vuto la kung'aluka kwa kapaipi koyamwira oyilo mu sampu, ndipo pampu ikamayamwa mpweya kamuvi kamanjenjemera. Aka kanali phee. Anatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa painjini, chogwirira n'kuchitsamiritsa kukhutu. Anamvetsera malo anayi. Kugogoda kunalibe.

Injini inali itapezeka yosalakwa. Panatsala kupeza pamene uthenga ukusochera.

Geji ya padashibodi imadalira sensa, kachitini kakang'ono kokhala ndi waya mmodzi. Amene anaiika anamanga sensayo pa chitsulo cha aluminiyamu cholowetsedwa pakati pa fyuluta ndi injini, pansi, pafupi ndi mapaipi a utsi. Oyilo akakankha m'kati mwa kachitiniko, kamkono kamasuntha pa waya wokulungidwa, magetsi odutsa n'kuchuluka kapena kuchepa, ndipo kamuvi kamatsatira. Magetsiwo amabwera ndi waya mmodzi uja, koma njira yobwerera, imene amakaniko amaitcha earth, ndi thupi la sensa lenilenilo pamene lakhudzana ndi chitsulo cha injini.

Anazula waya pa sensa n'kumugunditsa painjini kamphindi. Kamuvi ka padashibodi kanathamangira kumapeto. Kugunditsa kumodziko kunayeretsa geji ndi waya wonse kuchokera pansi mpaka kuchiwongolero. Anabwezera wayayo. Kenako anatenga kawaya kena kakafupi, mbali ina n'kukanikiza pathupi la sensa, mbali ina pabawuti ya injini. Kamuvi kanadzuka n'kukaima pamene geji yakale inkaloza. Atachotsa kawayako kanagwa. Anabwereza katatu, ndipo katatu konse kanadzuka n'kugwa. Sensa inali yamoyo. Njira yobwerera ndiyo inaduka.

Mapaipi a utsi atazizira anamasula sensayo, oyilo pang'ono n'kutsikira m'chigongono. Mazinga ake onse anali mbee, okulungidwa ndi tepi yoyera ya mapulambala, yochindikala. Tepi imeneyi imatseka kudontha, koma magetsi sadutsamo. Kwa nthawi yaitali sensayo inkakhudza aluminiyamu pa kamalo kamodzi pamene mzinga unaboola tepi, mpaka kutentha, dzimbiri ndi kugwedezeka zinatseka kamaloko.

Anasenda tepi ndi chikhadabo, n'kutsuka mazinga ndi kaburashi ka waya mpaka mkuwa unawala. Kenako anagundanitsa mazinga a sensa ndi a swichi ya Subaru n'kuziyang'ana padzuwa. Mazinga a mapaipi ang'onoang'onowa alipo a mitundu iwiri yofanana kwambiri. A ku America, otchedwa NPT, ndi 27 pa inchi imodzi. A BSPT, amene Subaru imagwiritsa ntchito, ndi 28. Kusiyana kwa mzinga umodzi diso silikuona msanga, koma ukakakamiza wina m'bowo la mnzake amalowa pang'ono n'kuyamba kudya aluminiyamu. Atadziwa mtundu wa sensayo, anailowetsa m'bowo lake youma, ndi zala, kuti amve ngati ikuyenda mosalimba. Inayenda. Anaitulutsanso, n'kupaka kadontho ka mankhwala omatira mazinga chakumtunda kokha, mazinga oyambirira n'kuwasiya oyera kuti chitsulo chikumane ndi chitsulo. Pomanga anagwira sipanala pafupi ndi mutu kuti mkono usachite mphamvu, chifukwa mazingawa ndi osongoka ngati nkhwangwa yowazira nkhuni, ndipo aluminiyamu ukamuthina amang'aluka.

Ndi mita yoyezera magetsi anatsimikiza kuti pakati pa thupi la sensa ndi injini njira yatseguka. Wayayo, amene chikopa chake chinali chitayamba kuuma ndi moto wa mapaipi a utsi, anamudula pouma, n'kumuika kamutu katsopano, n'kumudutsitsa kutali ndi motowo. Geji yawo sanaichotse msanga. Analizanso injini mpaka kutentha, kamnyamata kakuwerenga ya padashibodi mokweza, iwo akuyang'ana yawo. Ziwirizo zinkakwera ndi kutsika limodzi.

Atazimitsa, anachotsa geji yawo, n'kubwezera swichi pansi pa altaneta, n'kumanga lamba, n'kuyesa kulimba kwake ndi chala chamanthu. Kiyi itapotozedwa kanyali kofiira kanayaka, ndipo injini italira kanazima. Anapukuta pa sensa ndi pa swichi ndi sanza youma, n'kudikira, n'kupukutanso. Sanzayo inatuluka yopanda dontho.

"Abwana, mukafika ku Kafue muime, musuzumire pansi. Pakakhala pouma, pitirizani ulendo. Koma tsiku lina kamuvi kakadzagwanso, mudzazimitse ngati lero."

Anapukuta geji yawo, n'kupinda paipi yake mosathyola, n'kuikulunga mu nsalu ija. Mugalimotoyo sanaikemo chitsulo chatsopano chilichonse kupatula kamutu ka waya.