Chosiyana ndi Zinzake Chipite Kuti?

Pa 10 Novembala 1969, ana a ku America adawonera kwa nthawi yoyamba pologalamu ya pa wailesi yakanema yotchedwa Sesame Street. Amene adaiyambitsa, Mayi Joan Ganz Cooney ndi Bambo Lloyd Morrisett, adawona kuti tiana timaloweza msanga nyimbo zotsatsa malonda, ndipo adaganiza zogwiritsa ntchito luso lomwelo pophunzitsa zilembo ndi manambala, makamaka kwa ana a mabanja osauka amene sanayambe sukulu.

Mwa masewera onse a m'pologalamuyi, otchuka kwambiri ndi aja osankha zinthu. Mwana amamuwonetsa zinthu zinayi, zitatu zofanana, chimodzi chosiyana. Pamenepo pamamveka kanyimbo kamene Joe Raposo adapeka maimbidwe ake, kopempha mwanayo kuti aloze chosiyanacho nyimbo isanathe.

Tiyambe ndi kuyamikira, pakuti masewerawa ngopangidwa mwanzeru. Mwana amene wazindikira kuti mbuzi njosiyana ndi nkhuku, bakha ndi nkhunda, wayamba kale ntchito imene adzaigwire posiyanitsa chilembo b ndi d, kapena 6 ndi 9. Nyimbo nayo ili ndi ntchito yake: imampatsa mwana mpata woyang'anitsitsa, ndipo popeza imabwerezedwa m'mapologalamu ambiri, mwana akangoimva amadziwa kuti tsopano nthawi yake yoganiza yakwana. Sakhalanso wongopenyerera ayi, amaloza ndi chala, nafuula yankho.

Komabe pali zinthu ziwiri zimene makolo ayenera kuzilingalira.

Choyamba nchakuti wailesi yakanema ilibe makutu. Tibwerere ku ziweto zathu zija. Wamkulu aliyense adzasankha mbuzi chifukwa cha miyendo yake inayi. Nanga mwana akaloza bakha poti ndiye yekha amasambira, kapena nkhunda poti ndiyo imauluka kutali, walakwa kodi? Iyayi, waganiza bwino ndithu, mwinanso kupambana wamkulu uja. Koma nyimbo ikatha, yankho limene limatuluka kawirikawiri ndi limodzi lokha, ndipo palibe womfunsa mwanayo chifukwa chimene wasankhira chomwe wasankhacho. Mwana wotere angayambe kukhulupirira kuti nzeru ndiko kulota zimene akulu akufuna kumva.

Chachiwiri ncholemera koposa. Masewerawa amathera pa kupatula: chosiyana chapezeka, basi nkhani yatha. Pa zipatso ndi nsapato palibe vuto. Koma mwana sachedwa kutenga lamulo lomwelo nkupita nalo pabwalo losewerera, pamene pali mnzake wolumala, wachialubino, wachibwibwi kapena wolankhula chinenero china.

Mbiri ya pologalamuyi ikutiwonetsa kuti akulu ndiwo amachita masewera otere pa anthu anzawo. M'mwezi wa Meyi 1970, bungwe loyang'anira wailesi yakanema yamaphunziro m'chigawo cha Mississippi lidakana kuulutsa Sesame Street chifukwa inkawonetsa ana akuda ndi azungu akusewera pamodzi. Nkhaniyi itamveka m'manyuzipepala, bungwelo lidasintha maganizo patangopita masabata ochepa.

Kunena zowona, eni pologalamuyi sadagone pa mfundo imeneyi. Mu 1970 Raposo yemweyo adapeka nyimbo yotchedwa Bein' Green, m'mene chidole cha chule, Kermit, chimayamba ndi kudandaula za mtundu wake wobiriwira, nkutsiriza ndi kuuvomereza mokondwa. Ku South Africa, kumene Takalani Sesame idayamba m'chaka cha 2000, adabweretsa mu 2002 chidole china, Kami, kamtsikana kamasiye kokhala ndi kachilombo ka HIV, kamene anzake ankasewera nako mopanda mantha. Motero phunziro limodzi linkawongola linzake. Koma mwana wa zaka zinayi sangathe kulumikiza yekha maphunziro awiriwa. Pafunika wamkulu pambali pake.

Tsono inu makolo, mwana akamawonera pologalamu yotere, pa wailesi yakanema kapena pa foni, khalani naye pafupi ngakhale kwa mphindi zochepa. Akaloza chimene wasankha, musafulumire kunena kuti wakhoza kapena walakwa. Mfunseni kuti, “Chifukwa chiyani?” Kenaka mumfunsenso ngati pali chimene zinthu zonse zinayizo zikufanana. Adzapeza yekha kuti mbuzi, nkhuku, bakha ndi nkhunda zonse nziweto za pakhomo limodzi.

Ngakhale m'nyumba yopanda magetsi masewerawa ngotheka. Mayi akamasankha nyemba pa lichero, mwana angathe kuthandiza kuchotsa timiyala ndi zofumbwa. Pomwepo adzawonanso kuti nyemba zofiira, zoyera ndi zamawangamawanga zonse zimatsala m'lichero, ndipo zimalowa mu mphika umodzi. Akulu adati kuwongola mtengo mpoyamba. Mwana aphunzire akadali wamng'ono kuti mwala timataya, koma nyemba yosiyana mtundu sitiitaya.