Atseke ndani, Chileka kapena Balaka?

Amati atambala awiri salira m'khola limodzi, koma amene adaponya mwambi umenewu sadaonepo Black Missionaries ndi Zembani Band zitalembedwa pa chikwangwani chimodzi. Kwa zaka zambiri magulu awiriwa ankakumana m'malo azisangalalo ku Blantyre, ku Lilongwe ngakhalenso kunyanja, ife n'kulipira pakhomo kamodzi koma kumva atambala onse awiri usiku umodzi. Mkangano unkayamba tisanalowe n'komwe: kodi lero atseke ndani?

Musaliderere funsoli, awerengi. Pa dansi ya kuno kwathu gulu lotseka ndiye mwini bwalo, loyamba limaimbira mipando ndi anyamata ootcha kanyenya. Koma kutsekako kuli ndi minga yake. Ukakwera pansanja cha m'ma 3 koloko m'bandakucha umapeza ena aledzera, ena apita, ndipo ngati mnzako amene wangotsikayo wawavinitsa anthu mpaka miyendo kuwawa, iwe umalandira makoko okhaokha. Choncho woimba pakati amaimba mofuna kupsereza bwalo, wotseka naye ayenera kudzutsa anthu otopa. Ine ndikuti mpikisano umenewu ndiwo unkasula magulu awiriwa kuposa nyuzi kapena wailesi ina iliyonse, poti ife olemba timaopa kuuza woimba kuti waimba zosakoma, pomwe bwalo silinyengerera. Likatopa limangotembenuka n'kulunjika kokagula chakumwa.

Magulu awiriwa adachokera m'nyumba zosiyana. Zembani, yomwe Lucius Banda adaiyambitsa mu 1997, ndi mphukira ya Alleluya Band ya ku Balaka, gulu lomwe lidakulira m'manja mwa mpingo wa Katolika kuyambira 1978, komwe Lucius adaphunzira ntchito kwa mkulu wake Paul. Mukamvetsera bwino, ukwaya sudachoke m'maimbidwe awo: mawu amalumikizana mwaulemu, kiyibodi ili patsogolo, nyimbo ili ndi poyambira ndi pothera ngati ulaliki. Ma Blacks ndi ana a kwa Singano ku Chileka, kumene kudatuluka a Kachamba ndi Robert Fumulani, bambo wa Anjiru ndi Chizondi. Kumeneko gitala ndi besi ndizo zimalamula, ndipo rege yake, yomwe Evison Matafale adaipatsa mano, imayenda ngati sitima ya katundu, yosathamanga komanso yosaima.

Paokhapaokha gulu lililonse linali ndi ulesi wake, tisabisane. Ma Blacks akakhala okha amatha kukuimbirani maola atatu pa liwiro limodzi, nyimbo kulowa mu inzake osadziwa kuti yoyamba yathera pati, monga momwe zimbale zina za Kuimba zimafananira ngati ana amapasa. Zembani nayo inkatha kukudikiritsani, oimba otsegulira kusinthana maikolofoni mmodzimmodzi inu mukungoyang'ana wotchi kuti Soja akwera liti, ndipo akakwera nthawi zina mawu ankachuluka kuposa nyimbo. Koma muwaike pamodzi muone! Lucius akadziwa kuti pambuyo pake pakubwera anyamata a ku Chileka, nkhani ankazidula, n'kusanja nyimbo zovinitsa motsatizana. Ma Blacks akakwera pamene bwalo lonse langomaliza kuimba Mabala ndi mawu amodzi, ankadziwa kuti besi yokha siikwanira, ayenera kusankha nyimbo zokhala ndi uthenga woti munthu apite nawo kunyumba. Aliyense ankabwereka chida cha mnzake kuti amugonjetsere.

Ine ndine wa mbali ya Chileka, ndivomere, ndipo pa nkhani yovina sindisintha. Koma pa kuyankhula ndi khamu la anthu, kulikhazika chete kenaka n'kuliseketsa, Soja analibe mnzake.

Chimene ambiri ovina sachiona ndi cha kuseri kwa nsanja. Dziko lathu ndi losauka zida. Pa dansi ya magulu awiri kawirikawiri ng'oma zimakhala zomwezo, masipika omwewo, wosakaniza mawu yemweyo, jenereta imodzi yodikira kuti magetsi akathima ipulumutse onse. Woimba ng'oma wa gulu ili akatsika amasiyira mpando wofunda mnzake wa gulu linalo. Nsambo ya gitala ikaduka pakati pa nyimbo, amene amathamanga ndi gitala ina nthawi zambiri ndi yemwe uja mumati mdani wake. Anthu amenewa amayenda msewu umodzi wa M1 usiku, kugona m'maresitihausi amodzimodzi, kudandaula za okonza madansi omwewo amene amazimiririka ndi ndalama za pakhomo. Udani weniweni uli kwa ife ochemerera, amene timafika potukwanizana pa nkhani ya anthu oti kuseriko akugawana botolo la madzi.

Pali amene amalipira mtengo wa mpikisanowu, ndipo si akuluakuluwo ayi. Ndidaonapo ndi maso anga, pa dansi ina yomwe sinditchula malo ake, kagulu ka anyamata kochokera kutali katapatsidwa mphindi makumi awiri dzuwa likadali pamutu, masipika atatsitsidwa dala kuti mphamvu isungidwire eni dansi. Atatsika adauzidwa kuti malipiro awo ndi mwayi woimba pamaso pa anthu. Anthu ake ati, poti tinalipo osakwana khumi? Njovu zikamayesana mphamvu udzu ndiwo umapondedwa, ndipo okonza madansi amene amalemba mayina asanu ndi atatu pa chikwangwani akudziwa kuti nthawi ikwanira atatu okha akutibera tonse, oimba ndi ovina omwe. Lucius adayesako kukulitsa bwalo poyambitsa Sand Music Festival, kumene masiku angapo amapatsa mpata magulu ambiri, koma ngakhale kumchengako funso la wotseka silidathe.

Tsono pa 30 June 2024 Lucius Banda adamwalira ku South Africa, ndipo Zembani idagweredwa funso lomwe Ma Blacks adakumana nalo mu November 2001 pamene Matafale adafera m'manja mwa apolisi: kodi gulu lingaime mwini mawu atapita? Ine nthawi imeneyo ndinali ku pulayimale, koma ndikukumbuka akuluakulu akunena kuti za ku Chileka zathera pomwepo. Sizidathe. Musamude Fumulani adanyamula maikolofoni, iyenso atamwalira mu 2007 Anjiru adapitiriza. Adapulumuka chifukwa sadangokhalira kuimba za malemu ngati gulu la pamaliro, adapitiriza kutulutsa ma Kuimba atsopano, ena okoma ena ozizira, mpaka anthu adazolowera mawu ena.

Phunziro limeneli Zembani singalipeze kwina koposa kwa omwe inkalimbana nawo aja. Nawo Ma Blacks ataya munthu amene ankawaletsa kugona pa gitala, ndipo ndikuopa kuti popanda wowathamangitsa abwerera ku liwiro lawo limodzi lija. N'chifukwa chake ndikupempha okonza madansi kuti asaleke kuika mayina awiriwa pa chikwangwani chimodzi, ndipo tsiku lina alimbe mtima apatse ana a ku Balaka kutseka, Ma Blacks atangotsika kumene bwalo lili thukuta lokhalokha, tione ngati angalidzutse.