Minari: filimu ya ku America yolankhula Chikoreya

Mu February 2021, okonza mphoto za Golden Globes anapatsa filimu ya Minari mphoto ya filimu yabwino ya m'chinenero chachilendo. Anthu ambiri anadabwa nazo, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Amene analemba ndi kutsogolera filimuyi, Lee Isaac Chung, anabadwira ku Denver m'chaka cha 1978 ndipo anakulira pa famu ku Arkansas. Makampani amene anaipanga ndi a ku America, anaijambulira ku Oklahoma, ndipo nkhani yake yonse ikuchitikira ku America. Chimene chinaiika m'gulu la zachilendo ndi lamulo la nthawi imeneyo loti filimu imene mawu ake oposa theka sali m'Chingerezi singapikisane pa mphoto yaikulu ya sewero. Zomwezi zinachitikiranso The Farewell ya Lulu Wang, imene anthu ake amalankhula kwambiri Chitchaina. Ine ndikuona kuti chimene okonza mphotowo anachiyesa chilendo ndicho mphamvu ya filimuyi: imaonetsa banja likulankhula mmene mabanja osamukira kunja amalankhulira akatseka chitseko.

Nkhani yake ndi ya m'zaka za m'ma 1980. Jacob Yi ndi mkazi wake Monica anachoka ku Korea n'kukakhala ku California, kumene kwa zaka zambiri ankagwira ntchito yosiyanitsa anapiye aamuna ndi aakazi m'malo oswetsera mazira. Jacob watopa nayo ntchitoyi. Wagula malo kumudzi ku Arkansas kuti azilima ndiwo zachikoreya n'kumagulitsa kwa anthu akwawo amene anali kuchulukirachulukira m'mizinda ya America, chisinthireni malamulo olowera m'dzikolo mu 1965. Monica atafika akupeza kuti nyumba imene mwamuna wake wagula ndi ya matayala, ili patali ndi chipatala, chonsecho mwana wawo wamng'ono David ali ndi vuto la mtima. Mkangano wa awiriwa ukuyambira pamenepo. Pofuna kupulumutsa banja, akugwirizana zoitanitsa mayi ake a Monica, agogo a Soon-ja, kuchokera ku Korea.

Chung wagawa zinenero mwanzeru. Jacob ndi Monica amakondana ndi kukangana m'Chikoreya. Ana awo, Anne ndi David, amamva Chikoreya bwinobwino koma paokha amacheza m'Chingerezi, ndipo akamayankha makolo amasakaniza. Jacob akamalankhula ndi Paul, mzungu wopemphera modabwitsa amene anamenya nawo nkhondo ya ku Korea ndipo tsopano akumuthandiza kumunda, Chingerezi chake chimakhala chachifupi, cha munthu woyesa mawu asanawatulutse. Akangolowa m'nyumba lilime limamasuka. Steven Yeun, amene akusewera ngati Jacob, anabadwira ku Seoul n'kukulira ku America, ndipo kusintha kumeneku amakuonetsa ngakhale ndi mapewa. Woonera amadziwa amene ali pafupi ndi mnzake pongomva chinenero chimene asankha. Filimuyi ikanakhala yonse m'Chingerezi, theka la nkhani ya banjali likanatayika.

Agogo a Soon-ja ndi amene anyamula filimu yonseyi. Youn Yuh-jung, amene akusewera mbali imeneyi, analandira Oscar mu April 2021, ndipo anali woyamba wa ku Korea kulandira mphotoyo pa kusewera. Agogowa akufika ndi katundu wa kumudzi: tsabola wopera, tinsomba touma tonga usipa, mankhwala azitsamba oti David azimwa, makhadi a hwatu, ndi mbewu za minari. Monica akuona tsabolayo n'kugwetsa misozi, ndipo palibe amene akufotokozera woonera chifukwa chake. David sakuwafuna. Kwa iye agogo enieni amaphika mabisiketi ndipo satukwana, pamene awa amatukwana akamasewera makhadi, amakonda kuonera anthu akulimbana pa TV, ndipo m'maganizo a mwanayo amanunkha ku Korea, dziko limene iye sanapondeko. Apa Chung akupewa msampha umene ambiri olemba za kwawo amagweramo, wosandutsa nkhalamba kukhala nkhokwe ya miyambi yoyenda. Soon-ja ndi munthu wathunthu, wa nthabwala, wokanika pang'ono, amene mpaka amabweza mobisa ndalama imene mwana wake waponya m'mbale ya chopereka kutchalitchi poona kuti yachuluka.

M'filimuyi muli kubzala kwa mitundu iwiri. Jacob amalima mwa mphamvu ndi mwa ngongole. Akukana munthu wofufuza madzi ndi kamtengo ka mphanda ponena kuti munthu ayenera kugwiritsa ntchito mutu, akukumba yekha chitsime, chitsimecho chikuuma, ndipo akuyamba kuthirira mbewu ndi madzi a pampope olipira mpaka m'nyumba madzi akusiya kutuluka. Mtima wake timauona bwino pamene akuuza David kuti utsi wotuluka pamalo oswetsera mazira ndi wa anapiye aamuna otayidwa chifukwa saikira mazira, choncho mwamuna azionetsetsa kuti ali ndi ntchito. Mantha amenewa ndi amene akumuyendetsa. Agogo nawo akutenga mdzukulu wawo n'kupita naye kukamtsinje kuseri kwa munda, n'kumwaza mbewu za minari, ndiwo zamasamba zimene zimakonda malo onyowa ndipo sizifuna chisamaliro chambiri. Kumapeto, agogowo atadwala sitiroko, akuyesa kuthandiza potentha zinyalala, moto ukuwapulumuka n'kupsereza shedi yonse ya zokolola za Jacob. Chotsala ndi minari wa kumtsinje uja, amene Jacob ndi David akupita kukathyola. Mawu a akuluakulu akoma akagonera.

Chimene ndinachita nacho chidwi kwambiri ndi mmene filimuyi ikuonetsera moyo wa anthu a ku Korea monga gulu. Kwa ambiri amene anasamukira ku America, tchalitchi cha Chikoreya chinali malo opezerako ntchito, nkhani za kwawo, chakudya ndi anzawo. Monica akuchisowa. Koma atafunsa mnzake wa kuntchito chifukwa chimene Akoreya a m'deralo sanayambitsire tchalitchi chawo, akuyankhidwa kuti ena anabwera kumudzi kuno pothawa matchalitchi omwewo. Yankho limeneli ndi lalifupi koma likunena zambiri: gulu limene limakusunga ndi lomwenso limakuyang'anitsitsa ndi kukuyeza. Banjali likupita kutchalitchi cha azungu, kumene mnyamata wina akufunsa David za nkhope yake mopanda ulemu, kenako awiriwo n'kukhala mabwenzi. Chung sakupanga azunguwo kukhala zilombo, ndipo sakubisanso kuti banjali likuonedwa ngati chinthu chodabwitsa.

Pali malo amene filimuyi yafooka. Anne, mwana wamkazi, ndi amene amayang'anira mlongo wake ndipo amamva mikangano yonse ya makolo, koma filimu simupatsa mpata woti timudziwe. Nkhaniyi yachokera m'zikumbukiro za Chung ali mwana, ndipo diso lake lakhazikika pa mnyamata ndi bambo ake. Monica nayenso, ngakhale Han Ye-ri akumusewera mogwira mtima, nthawi zambiri amaoneka ngati wongoletsa maloto a mwamuna, chonsecho pa nkhani ya chipatala, madzi ndi ngongole iye ndi amene akunena zoona. Motonso ukubwera pa nthawi yoikonzera kwambiri: tsiku lomwelo dokotala wanena kuti mtima wa David ukuchira, Jacob wapeza wogula ndiwo zake, ndipo Monica wanena kuti sangapitirize banja. Zonsezi kugwa tsiku limodzi kukuonetsa dzanja la wolemba. Funso la Monica, loti mwamuna wake akusankha munda kapena banja, moto ukuliphimba osaliyankha.

Kwa ife owerenga ndi kulemba m'zinenero za mu Africa, pali chinanso choyenera kudziwa za Chung. Filimu yake yoyamba, Munyurangabo, anaijambulira ku Rwanda m'chinenero cha Kinyarwanda, ndi osewera a komweko, ndipo inaonetsedwa ku Cannes mu 2007. Ndiye kuti kawiri konse munthuyu wasankha kuti anthu a m'nkhani yake alankhule chinenero chimene angalankhuledi, n'kusiyira woonera ntchito yowerenga mawu omasulira m'munsi mwa chithunzi. Opanga mafilimu ndi olemba mabuku kuno amauzidwa kawirikawiri kuti ntchito yawo ipite patali pokhapokha itakhala m'Chingerezi, m'Chifalansa kapena m'Chipwitikizi. Minari inapambana mphoto ziwiri zikuluzikulu ku Sundance mu 2020 ndipo inasankhidwa kupikisana pa ma Oscar asanu ndi limodzi, kuphatikizapo ya filimu yabwino koposa, ikulankhula Chikoreya cha m'khitchini.

Aliyense amene ali ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku Leeds, amene ana ake amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi, adzamuzindikira David. Adzazindikiranso zimene okonza Golden Globes sanazione: mwana ameneyo ndi mwini wa dziko limene akukuliralo, ndipo chinenero cha agogo ake, poti chikulankhulidwa m'nyumba ya m'dzikolo, chasanduka chimodzi mwa zinenero zake. Filimuyi ndi yoyenera kuionera, ndipo poonera muzitchera khutu kuti ndani akulankhula chinenero chiti, kwa yani, ndiponso pa nthawi iti.